Kodi ntchito ya wofufuza za magazi timaiyeza ndi chiyani?

Akuluakulu, ndithandizeniko nzeru. Ndikulemba za akatswiri amene anafufuza mapulateleti, tizidutswa ta m'magazi timene timathandiza kuti magazi aundane pabala. Aphunzitsi akuti ndiwayeze ndi h-index, njira imene Jorge Hirsch anayambitsa mu 2005, yowerengera kuti zolemba za munthu zatchulidwa kangati ndi anzake.

Koma mtima wanga sukukhazikika. Mu 1950, William Harrington analandira dala magazi a wodwala ITP (matenda ochepetsa mapulateleti m'magazi), mapulateleti a Harringtonyo n'kutsikiratu m'maola ochepa. Apa m'pamene zinaoneka kuti chowawononga chili m'magazi a wodwalayo. Ntchito yoika moyo pachiswe chonchi, nambala ingaifotokoze? Nanga Giulio Bizzozero, amene anafotokoza ntchito ya mapulateleti mu 1882, ndimuika pati?

Inu amene munalembapo zoterezi, munayeza ndi chiyani?