Chotupa chofiira pamlomo wa mwana wanga, ndivomere mankhwala a mtima?

Moni nonse pagulu pano. Ndabisa dzina, mundikhululukire.

Mwana wanga wamkazi ali ndi miyezi 3. Anabadwa bwinobwino, koma patatha masabata awiri panatuluka kadontho kofiira pamlomo wam'mwamba, ngati walumidwa ndi udzudzu. Pano kafika ngati nsonga ya chala changa chachikulu, kofiira psuu, ndipo sabata yathayi pakati pake pabooka chilonda. Akangogwira bere amalisiya n'kuyamba kulira, nthawi zina ndimapeza timagazi pabere.

Adokotala akuti ndi hemangioma, timitsempha ta magazi tachulukana malo amodzi, si khansa ayi. Akufuna amuyambitse propranolol. Nditafufuza ndapeza kuti ndi mankhwala a mtima ndi BP omwe amamwa akuluakulu, thupi langa lonse linachita kuzizira. Bambo ake akuti tidikire, zimenezi zimatha zokha. Alipo anamwetsapo mwana wake? Ine nzeru zandithera.

Mayi wina:
Pepani mayi. Bambo akewo sakunama, zambiri zimafota zokha mwana akakwanitsa chaka, pang'onopang'ono kwa zaka zingapo. Chikanakhala pamsana ndikanati dikirani. Koma pamlomo, chilonda chilipo kale, mwana akulephera kuyamwa, komanso miyezi yoyambirira inoyi ndi imene chimakula mothamanga. Wanga chinali pachikope, chinkatseka diso. Atayamba kumwa, masiku ochepa okha chinafewa, mtundu n'kuyamba kuzilala. Anasiya atakwanitsa chaka.

Namwino wa ana:
Mankhwalawa si oyesera pa mwana wanu. Madokotala a ku Bordeaux, ku France, analengeza mu 2008 kuti amafotetsa hemangioma, ataona zikuchitika pa khanda lomwe ankalichiza mtima. Asanayambe amupima mtima ndi chifuwa, ndipo mlingo wake umatsata kulemera kwa mwana, choncho sikelo musamadumphe. Chachikulu n'chakuti muzimumwetsa akangoyamwa. Tsiku limene akusanza kapena akukana bere musamupatse, shuga amatsika m'magazi. Chifuwa chikamalira ngati mluzu, thamangani naye kuchipatala. Chonde musaboole kapena kumanga ndi ulusi, magazi ake savuta kutuluka.

Bambo wina:
Ena akuwerenga pano asasokoneze. Ine changa chili palilime, chobiriwira, ndinabadwa nacho, ndikawerama chimafufuma. Chimenecho amati venous malformation, sichitha chokha ndipo propranolol sachitapo kanthu. Anandibaya bleomycin m'chotupa momwemo katatu, chinachepa ndithu, ngakhale lilime linkatupa masiku angapo ndikabayidwa.

Wofunsa:
Zikomo nonse, bambo ake awerenga okha ndipo angoti zii. Tipita Lachinayi. Anamwino, nanga akabzikula nditangomumwetsa, ndibwereze?

Namwino wa ana:
Ayi mayi, musabwereze. Dikirani nthawi ya mlingo wotsatira.