Meropenem ya amayi: tigule kapena tidikire?

Bambo a Chisomo, Ulongwe: Abale, ndigawireni nzeru. Amayi agonekedwa ku Tete, matenda a m'chikhodzodzo alowa m'magazi. Alandira mankhwala opha tizilombo otchedwa ceftriaxone masiku 5, thupi likadali moto. Atayeza mkodzo, adokotala akuti tizilomboto sitikumvanso mankhwalawo, tikagule ena amphamvu, meropenem, kufamasi poti kuwodi yatha. Ndi yamumtsempha, maola 8 aliwonse, sabata yathunthu. Mabotolo 21 amenewo, limodzi akuti meticais (ndalama za ku Mozambique) 1,500. Ndigulitse ng'ombe?

Nabanda: Musandikumbutse. Chaka chatha mnyamata wina pageti pachipatala anandigulitsa mabotolo 6, ati ndi yeniyeni. Anesi atayang'ana, inali itatha mphamvu kalekale. Ndalama za mbatata yanga yonse zinapita choncho. Mpaka lero ndikamuona ndimanjenjemera.

Achimwene a ku Moatize: 1,500? Akukuberani. Ine apongozi atadwala ndinagula pa 900, mabotolo onse tsiku limodzi, osakongola kwa munthu. Kumafunika kudziwana ndi anthu.

Nabanda: Inenso anandiuza 900. Mwaona pomwe ndinathera.

Phiri wa ku Domwe: Bwanji amikacin? Ndi yotchipa kwambiri, kamodzi pa tsiku basi. Malume anachira nayo.

Mayi a Tadala: Ndagwira ntchito kuwodi zaka zambiri. A Phiri, amikacin imagwiradi pa tizilombo tina tomwe takana ceftriaxone, koma imapweteka impso, ndipo ena imawagonthetsa makutu osabwereranso. Kwa agogo odwala kale njira yamkodzo si yongotola. Colistin ndiye amaisungira pamapeto penipeni, nayonso impso siizimvera chisoni. Bambo a Chisomo, papepala la zoyezalo alembapo mankhwala amene tizilomboto tikuwaopa. Kafunseni adokotala ngati pali ena otchipa pamndandandawo. Ndipo mukayamba, mumalize. Kulekeza panjira ndiko kwatifikitsa pano.

Phiri wa ku Domwe: Nanga vancomycin?

Mayi a Tadala: Ya tizilombo tamtundu wina imeneyo. Pa E. coli, tizilombo tomwe timakonda kuyambitsa matenda a m'chikhodzodzo, ndi madzi chabe.

Chikondi: Olokani malire pa Calomue, ku Dedza bakitilimu ali mbwee pamsika.

Mayi a Tadala: Ayi, chonde!

Achimwene a ku Moatize: Gulitsani ng'ombeyo, mayi ndi mmodzi. Ine ndikanagulitsa ziwiri.

Bambo a Chisomo: Ng'ombeyo ndi yolimira, ndipo ndi ya tonse ndi mlongo wanga. Foni yake sikupezeka. Achimwene, famasi ya 900 ija ili pati?