Msana ukundipweteka ndili ndi pakati pa masabata 26, ndichite chiyani posamwa mapiritsi?

Wofunsa:

Moni nonse. Ndili ndi pakati pa masabata 26 ndipo msana wayamba kundivuta, makamaka m'munsi chakuchiunoku. M'mawa umakhala bwinoko, koma pofika madzulo ngakhale kuwerama kumandikanika. Usiku ndikamatembenuka pabedi ndimamva ngati chinachake chandibaya kuthako lakumanja. Ku sikelo anandiyeza n'kunena kuti mwana ali bwino. Sindikufuna kumangomwa mapiritsi tsiku ndi tsiku. Ndi njira ziti zachilengedwe zomwe zimathandizadi? Ena akuti ndizingogona, ena akuti ndiziyenda kwambiri. Ndimvere ati?

Mzamba:

Pepani amayi. Za kugonazo ndiyankhiretu: musamangogona. Minofu yomwe ikuchirikiza msana wanu ikakhala osagwira ntchito imafooka, ndipo mukadzadzuka ululu umabwera woposa poyamba. Kupuma n'kofunika, koma kwa mphindi zowerengeka, osati tsiku lonse.

Chomwe chikuchitika n'chakuti thupi la mayi woyembekezera limatulutsa mahomoni, ina mwa iwo ndi relaxin, omwe amafewetsa mitsempha yomanga mafupa a m'chiuno kuti mwana adzapeze njira. Pa nthawi yomweyo mimba ikutsogola, minofu ya pamimba yatanuka moti siikugwiranso msana ngati kale, ndiye mayi mosadziwa amadzikokera kumbuyo ndipo msana umapindika kwambiri m'munsimu. Onjezanipo kulemera: mayi wa thupi lapakatikati amawonjezera makilogalamu 11 mpaka 16 pofika tsiku lobereka. Msana womwewo ndiwo ukusenza zonsezi, n'chifukwa chake madzulo umakhala utatopa.

Koma musanayambe njira iliyonse, lozani ndi chala chimodzi pamene pakupweteka. Chala chikagwera pamwamba pa chiuno, m'mbali mwa fupa la msana, ndipo ululu ukukula mukaima kapena kukhala nthawi yaitali, umenewo ndi wa minofu ya msana. Chikagwera m'munsi, pamwamba pa thako pamene fupa la msana limakumana ndi la chiuno, kapena kutsogolo pa fupa la pachinena, vuto lili molumikizana mafupa a chiuno. Wachiwiriwu umadziwika chifukwa umabaya potembenuka pabedi, pokwera masitepe, potsika galimoto ndi poima ndi mwendo umodzi. Mmene mwafotokozeramu zikuoneka kuti muli ndi onse awiri, ndipo kasamalidwe kake si kamodzi.

Palinso kupweteka kwa msana komwe si kwa msana ayi, ndipo kumeneku sitithowa kunyumba. Ululu ukamabwera n'kupita motsatizana, mimba ikulimba n'kumasuka, inu musanakwane masabata 37, mwina matenda ayamba nthawi isanakwane. Ukakhala m'mbali pansi pa nthiti chakumbuyo, pamodzi ndi kutentha thupi, kuzizidwa kapena kuwotcha pokodza, ganizirani impso, chifukwa matenda a m'njira ya mkodzo amakwera msanga kwa oyembekezera ndipo amatha kuyambitsa kubereka. Magazi kapena madzi kutuluka kumaliseche, mimba kuuma gwa osamasuka, mwana kuchepetsa kusewera, mutu waukulu ndi kuona zinthu mwachimbuuzi pamodzi ndi ululu pansi pa nthiti zakumanja, zonsezi ndi za kuchipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzi dzanzi pakati pa miyendo ndi m'matako, mwendo kufooka, kapena kulephera kugwira mkodzo ndi chimbudzi. Ikhale nthawi ya usiku kaya masana, nyamukani.

Wa mafizo:

Amayi azamba afotokoza bwino, ine ndilowe pa zolimbitsa thupi. Ndikupatsani ziwiri zoti muyambire, chifukwa munthu akapatsidwa khumi amasiya zonse pa tsiku lachitatu.

Yoyamba ndi yogwada ngati mwana wokwawa. Yalani chofunda chopinda pansi kuti mawondo asapweteke. Mawondo akhale pansi penipeni pa chiuno, manja pansi pa mapewa, zala zitaloza kutsogolo, msana uli wowongoka ngati tebulo. Kokerani mchombo m'kati pang'onopang'ono, kwezani msana m'mwamba ngati mphaka akamadziwongola, mutu muulole ugwe. Khalani choncho masekondi 5 mukupuma, kenako bwererani pomwe munayambira. Chitani ka 10, m'mawa ndi madzulo. Pomwe ambiri amalakwitsa ndi pobwerera: amalola mimba kulendewera mpaka msana kukhala ngati chigwa. Kuteroko ndi kuwonjezera kupindika komwe tikufuna kuchepetsa. Mukafika powongoka, imani pomwepo. Kugwada kotereku kumathandizanso pakokha, chifukwa kulemera kwa mwana kumachoka pamsana kwa kanthawi.

Yachiwiri ndi ya pakhoma. Tsamirani khoma, mapewa ndi matako zitakhudza khomalo, mapazi patsogolo pang'ono, mawondo osawongola kwambiri. Lowetsani dzanja kumbuyo m'munsi mwa msana, mupeza mpata. Ntchito yanu ndi kutseka mpata umenewo pokokera mchombo m'kati mpaka msana udinde khoma. Gwirani masekondi 4, masulani, bwerezani ka 10. Musagwire mpweya. Mukaona kuti simungathe kuwerenga mokweza pochita, ndiye kuti mukukakamiza. Imeneyi mukaizolowera mutha kuichita popanda khoma, muli chiimire pamzere kapena mukuphika.

Pa ziwirizi onjezani kufinya minofu ya kumaliseche ngati mukuletsa mkodzo ndi mpweya wa m'mimba nthawi imodzi: finyani, werengani mpaka 5, masulani kotheratu, ka 10, katatu pa tsiku. Musayeserere pamene mukukodzadi, chikhodzodzo chimazolowera kusamaliza. Minofu imeneyi imagwira chiuno kuchokera pansi, ndipo idzakuthandizani mukadzabereka.

Za kuyenda, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa oyembekezera omwe alibe vuto lina kuchita zolimbitsa thupi zapakatikati kwa mphindi 150 pa sabata. Ndiye kuti mphindi 30 masiku asanu, ndipo mutha kuzigawa 10, 10, 10. Liwiro lake likhale loti mukutha kucheza ndi mnzanu osabanika. Ululu wanu wa kuthako uja ukamakula poyenda, fupikitsani sitepe ndipo chepetsani mtunda, musalimbane nawo. Amene ali ndi mwayi wa damu losambira, kuyenda m'madzi ofika pachifuwa n'kwabwino kwambiri chifukwa madzi amakusenzerani thupi, kungoti kusambira kotambasula miyendo ngati chule kumaputa ululu wa mafupa a chiuno. Ngati ku sikelo anakuuzani kuti nsengwa ili m'munsi, khomo la chiberekero ndi lofooka, kapena BP ndi yokwera, funsani kaye musanayambe chilichonse mwa izi.

Kunena zoona, zolimbitsa thupi za mphindi khumi sizingapambane maola khumi okhala molakwika. Pampando khalani mpaka matako afike kumbuyo kwenikweni, pindani thaulo likhale ngati mpukutu n'kuliika m'munsi mwa msana, mapazi onse pansi, miyendo osapingasa. Mphindi 30 zikakwana dzukani, ngakhale kungozungulira mpandowo. Mipando yofewa yomira ija imanyenga, mumakhala mosangalala koma podzuka mudzalira. Mukaima nthawi yaitali, ikani phazi limodzi pa kanthu kokwera pang'ono n'kumasinthanitsa. Potola chinthu pansi pindani mawondo, chikokereni pafupi ndi thupi, dzukani ndi mphamvu ya ntchafu, ndipo potembenuka sunthani mapazi, osapotoza chiuno katundu ali m'manja. Katundu wa m'manja mugawe pawiri, mbali iyi ndi iyo. Nsapato za gogoda zisiyeni kaye, koma masilipasi osalala osagwira phazi nawonso si abwino. Pezani nsapato ya chidendene chachifupi yogwira phazi lonse.

Wofunsa:

Zikomo kwambiri nonse. Ndaloza, ndipo chala chagweradi pamwamba pa thako. Ndiye vuto langa lalikulu ndi usiku. Ndigone bwanji, nditembenuke bwanji? Komanso ndamva kuti woyembekezera azigonera kumanzere kokha, koma phewa ndi chiuno cha kumanzereko zimatopa.

Wa mafizo:

Lamulo la ululu wa pamenepo ndi limodzi: miyendo iziyendera limodzi ngati yamangidwa. Chimene chimakubayani n'chakuti mwendo umodzi umatsogola, wina n'kutsala, ndiye fupa la chiuno la mbali imodzi limasuntha lina lili phee.

Potembenuka pindani mawondo onse awiri, ikani pilo pakati pake n'kumufinya, kokerani mchombo m'kati pang'ono, kenako tembenuzani mapewa, chiuno ndi mawondo nthawi imodzi ngati chipika. Podzuka musadzuke chagada mokhala ngati mukudzikoka ndi mimba. Gonani kaye cham'mbali m'mphepete mwa bedi, tsitsani miyendo yonse iwiri pamodzi, n'kudzikankha ndi chigongono ndi dzanja. Pogona bwerezani zomwezo mobwerera.

Mapilo akhale atatu kupatula wa kumutu. Wina pakati pa miyendo, ndipo afike kuyambira m'mawondo mpaka mu akakolo. Ambiri amangoika pa mawondo pokha, phazi la pamwamba n'kulendewera, ndiye ntchafu imapotoka usiku wonse. Wina wopyapyala pansi pa mimba kuti isakokere msana pansi. Wachitatu kumbuyo, wokutchingani kuti musagwe chagada. Ngati chiuno chikutopa chifukwa matiresi ndi olimba, yalani chofunda chokhuthala pansi pa nsalu yogonera. Ngati ndi omira pakati, ikani thabwa pansi pake.

Masananso lamulo ndi lomwelo. Povala siketi, thalauza kapena nsapato khalani pansi, musaime ndi mwendo umodzi. Masitepe kwerani imodziimodzi, pokwera mutsogoze mwendo wabwino, potsika mutsogoze wopwetekawo. M'galimoto lowani ndi matako kaye, kenako muzungulitse miyendo yonse pamodzi. Ngati muli ndi mwana wamng'ono musamunyamulire pachiuno mbali imodzi, khalani pansi iye akwere yekha pamiyendo.

Mzamba:

Za kumanzere zija musadzizunze nazo. Chofunika n'chakuti kuyambira masabata 28 muzigona tulo muli cham'mbali, kaya kumanzere kaya kumanja. Chomwe tikupewa ndi chagada, chifukwa chiberekero cholemera chimapsinja mtsempha waukulu wobweza magazi ku mtima, magazi opita kwa mwana n'kuchepa, inunso n'kumva chizungulire. Mukadzidzimuka usiku muli chagada musachite mantha, ingotembenukani mugonenso. Ambiri a ululu ngati wanu amapeza bwino mbali yopwetekayo ikakhala pamwamba.

Namwino:

Sanatchule za kuthowa, ndiye ndiwonjezere. Nyikani thaulo m'madzi ofunda, finyani, ikani pamene pakupweteka kwa mphindi 15 mpaka 20. Botolo la madzi otentha likulungeni mu nsalu, lisakhudze khungu, ndipo musagone nalo tulo. Kuthowa ndi kwa kumsana kokha, osati pamimba. Kusamba madzi ofunda kulibe vuto, koma kudzinyika m'madzi otentha mpaka thukuta kutuluka, kapena kukhala mu nthunzi, kumakweza kutentha kwa thupi lonse, ndipo zimenezo mwana sizimuyanja. Minofu yotopa imakonda kufunda. Ululu wobaya wa molumikizana mafupa nthawi zina umamvera kuzizira, ndiye yesani ayezi wokulunga mu nsalu kwa mphindi 10, muone chomwe chikukuyanjani.

Kutikita kumathandiza, ndipo bambo akunyumba angathe. Khalani pampando mochita kuutembenukira, mutatsamira pilo, kapena gonani cham'mbali. Iwo agwiritse chikhatho, azizungulitsa pang'onopang'ono m'mbali mwa fupa la msana ndi pamwamba pa matako, osadinda fupa lenilenilo. Akatumba okha asawakande mwamphamvu. Magazi a woyembekezera sachedwa kuundana, ndipo mwendo umodzi ukatupa, kutentha ndi kupweteka, umenewo si wotikita, ndi wokaonetsa kuchipatala.

Mawu oti zachilengedwe amandidetsa nkhawa pang'ono, chifukwa ena amawamva ngati chilolezo chomwa zitsamba. Chomera nachonso ndi mankhwala, kungoti mlingo wake sudziwika, ndipo zina zimachititsa chiberekero kukungana nthawi isanakwane. Musamwe chilichonse cha msana osawauza a ku sikelo. Pa mapiritsi, woopsa si paracetamol koma ibuprofen, yemwe ambiri amamudziwa kuti Brufen, ndi diclofenac. Kuyambira masabata 20 mankhwala amenewa amatha kusokoneza impso za mwana n'kuchepetsa madzi a m'nsupa, ndipo chakumapeto kwa pakati amatha kutseka msanga kamtsempha ka pafupi ndi mtima wa mwana komwe kamayenera kutsekeka akabadwa. Opaka okhala ndi diclofenac nawonso funsani kaye. Asipirini wa ululu musamwe, koma ngati adokotala anakulemberani wa mlingo wochepa chifukwa cha BP, ameneyo ndi nkhani ina, pitirizani. Tsiku lomwe ululu wakulepheretsani kugona, paracetamol ndi wololedwa: mapiritsi a 500 mg awiri, pakadutse maola osachepera 4 musanamwenso, osapitirira 8 pa maola 24, ndipo kwa masiku ochepa.

Lamba wa oyembekezera nayenso mugule, amagwira mimba tsiku lonse.

Wa mafizo:

Pa lambayo ndisiyane nanu pang'ono anamwino. Amathandizadi, koma si wa tsiku lonse. Mayi akamuvala kuyambira m'mawa mpaka usiku, minofu imasiyira lamba ntchito yake. Avale poyenda kapena pogwira ntchito yoimirira, akakhala pansi kapena pogona avule. Komanso kwa ululu wa amayiwa wofunika si wonyamula mimba, koma wopyapyala womanga chiuno. Amadutsa m'munsi, pansi pa mimba, pamwamba pang'ono pa fupa la pachinena, n'kuzungulira pamwamba pa matako. Musanawononge ndalama yesani chonchi: wina aime kumbuyo kwanu, agwire mafupa a chiuno mbali zonse ziwiri n'kuwafinyira pamodzi, inu mukweze bondo limodzi ngati mukukwera sitepe. Ululu ukachepa, lamba akuthandizani. Ukapanda kusintha, musiyeni. Mukatsatira zonsezi kwa masabata awiri koma kuyenda kukukulirabe, pemphani ku sikelo akutumizeni ku mafizo kuti akakuyezeni chiunocho ndi manja.