Kodi ndevu zinalakwa chiyani?

Mnyamata wa ku Ndirande: Akuluakulu, Loweruka ndikukaonekera kwa makolo a bwenzi langa ku Chilomoni, ndiye amalume alamula kuti ndimete ndevu zonse, ati ndikuoneka ngati chigawenga. Chonsecho pa chithunzi cha ukwati wawo, iwowo ndevu za m'mbali mwa makutu zatsika mpaka m'masaya. Kodi zoti mwamuna waulemu ndi wosalala chibwano zinayamba liti?

Bambo a Chikondi: Mphwanga, amalume akowo anakula nthawi ya Kamuzu, monga ine. Masiku amenewo mwamuna sankaloledwa kusunga tsitsi lalitali, moti alendo ena ankawameta akangotera pa Chileka. Mwini wakeyo ankaoneka wosalala, suti ndi chipewa, ndiye aphunzitsi ndi makalaliki tonse tinkatengera pomwepo. M'mawa uliwonse kagalasi kothyoka pawindo, thovu la sopo wochapira, lezala imodzi mpaka itabuntha. Koma usanamizidwe kuti ndevu zinali za anthu wamba. Haile Selassie anabwera kuno mu 1965 ndi ndevu zake, ndipo m'tauni muno muli msewu wa dzina lake. Jomo Kenyatta naye anali ndi ndevu, Samora Machel nayenso.

Che Limbe: Musaiwale ifeyo. Kwa Asilamu kusunga ndevu n'kutsatira sunna ya Mtumiki, timangochepetsa za pamlomo. Agogo anga analowa nazo m'manda, palibe anawatcha chigawenga.

Wometa pa Ginnery: Zosalalazi zinafala chifukwa cha lezala. Gillette anapatsidwa umwini wa lezala yake mu 1904, kenako pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse asilikali ankameta kuti chophimba kumaso choteteza ku utsi wa poizoni chigwire bwino. Ku Russia zinafika poipa kale, mfumu Peter inaika msonkho wa ndevu mu 1698. Panopo zatembenuka: anyamata amabwera ndi chithunzi cha wosewera mpira pafoni, kuti ndiwadulire mzere wowongoka m'tsaya. Ambiri amene amati ndichotse zonse amabweranso ali ndi ziphuphu pakhosi, chifukwa ndevu zathu n'zopotana, zimamera molowanso m'khungu. Iweyo usayambe lezala Lachisanu. Bwera tizichepetse ndi mashini.

Mayi a Tadala: Ine monga mpongozi wa anthu, chimene ndimayang'ana ndi nsapato komanso mmene mnyamata akukhalira pampando. Koma poti amene akakuyankhulire kumeneko ndi amalume akowo, usawakwiyitse sabata ino. Zichepetse, zidzameranso ukwati ukachitika.