Zowonjezera pa funso la marshmallow wouma gwa

Funso lija linali lakuti: bwanji marshmallow (siwiti wofewa ngati siponji) wosungunula n'kusakaniza ndi Rice Krispies (mpunga wofufumitsa wa m'paketi) amauma gwa akazizira? Tinayankha kuti vuto ndi kuchuluka kwa moto, koma ambiri afunsanso miyezo yake.

Pa magalamu 280 a marshmallow, ikani batala magalamu 45 ndi Rice Krispies magalamu 160. Yambani kusungunula batala pa moto wochepa kwambiri, kenako thirani marshmallow n'kumatakasa osalekeza. Phulani poto tizibulumwa tingapo tikadaonekabe, tidzasungunuka tokha ndi kutentha kotsala. Mukadikira kuti zibwate, madzi amauluka, shuga n'kukhwima ngati siwiti, ndiye kuuma kuja. Mukaphula, sakanizanimo Rice Krispies uja. Poyala m'thireyi, pakani batala m'manja ndipo musatsindire mwamphamvu. Zisiyeni panja mphindi 30, osati m'firiji. Marshmallow wokhalitsa, woyamba kale kuuma kunja, sasungunuka bwino, musavutike naye.

Ena anafunsa za kuika marshmallow mu keke ndi ma brownie (timakeke ta chokoleti). Mukamuika mkati mwa zosakaniza, marshmallow amasungunukiratu mu uvuni n'kusiya timaenje tomata. Muikeni pamwamba kutatsala mphindi 2 kapena 3 kuti muphule, ndipo maso asachoke pamenepo chifukwa amapserera msanga.

Chinanso, chimene chimagwirizitsa marshmallow ndi jelatini, chinthu chochokera ku zikopa ndi mafupa a nyama. Chinanazi chosaphika chili ndi enzyme, mankhwala achilengedwe ophwanya jelatini, motero marshmallow wa mu saladi ya zipatso akakhalitsa nacho amasanduka madzi. Cham'chitini chilibe vutoli. Jelatiniyo nthawi zambiri amachokera ku nkhumba, choncho amene sadya nkhumba aziwerenga papaketi asanagule.