Za banja loimba lija, anafikadi ku Kasungu

Sabata yatha ndinafunsa ngati banja loimba nyimbo zauzimu lija, bambo ndi mayi, lifika kuno ku Kasungu pa ulendo wokhazikitsa chimbale chawo, kapena tidzachita kukwera minibasi pa M1 mpaka ku Lilongwe. Zikomo nonse amene munandiyankha. Anafikadi Loweruka!

Amayi anga ndinawakweza kabaza kuchoka ku Chankhanga kupita ku holo komwe banjalo linkaimbira. Nyimbo ili pakati magetsi anathima, koma mayi woimbayo sanasiye. Anapitiriza ndi pakamwa pokha, mwamuna wake akumuyankha ndi mawu a besi atamugwira dzanja, holo yonse ikuwomba m'manja mumdima. Amayi anga ankangopukuta misozi ndi chitenje.

Chimbalecho ankagulitsa pakhomo, ndipo ndinalipira pa Airtel Money. Chikulira m'nyumba kuyambira m'mawa.