Thandizeni pa pass blocking, anyamata anga a offensive line akuvutika

Moni nonse abale, makamaka inu muli kuno ku America amene munasewerapo kapena kuphunzitsapo American football. Ndikuthandizira kochi pa timu ya anyamata a zaka 14 mpaka 16 kuno ku Indiana, ndiye andipatsa offensive line, asanu aja otchingira quarterback (woponya mpira uja).

Pa run blocking (kutsegulira njira wothamanga ndi mpira) ali bhobho poti nkukankhana basi, koma ikangokhala pass blocking (kutchingira quarterback kuti aponye mpira) zimasokonekera. Left tackle wanga (wa kumapeto kwa mzere kumanzere) ndi wamtali, mphamvu alinazo ndithu, koma akamabwerera mmbuyo pa kick slide (masitepi otsetsereka chammbali) amaimirira njo, mapazi nkumagundana, defensive end (mdani woyang'anizana naye) amangomuzungulira kunja, ndipo quarterback wathu poti amaponya ndi dzanja lamanja samuona nkomwe akubwera. Left tackle uja akati athamangire kutseka kunjako, winayo amadulira mkati. Ma guard (a mkati mwa mzere) nawo bull rush (mdani kungowakankha molunjika ndi mphamvu) ikuwamaliza, amaweramira kutsogolo mutu pansi, manja amachedwa kufika pachifuwa cha mdani, akagwira kunja kwa mapewa ndiye faulo ya holding, mayadi 10 apita.

Ndiye ndiyambe kukonza mapazi kapena manja? Ndi ma drill ati amene amamuzoloweza mwana kutsitsa chiuno osagwera kutsogolo?

Za ku jimu nazonso, anyamatawa amangofuna bench press chifukwa amaonera NFL Combine ya ku Indianapolis (koyesera osewera ofuna kulowa ligi ya NFL) anthu akukankha mapaundi 225, ine ndikuona ngati squat ndi power clean (kunyamula chitsulo kuchoka pansi kufika pamapewa) ndiye zofunika kwambiri, koma pa msinkhu umenewu ndiwayambitse bwanji osawapweteketsa msana? Nthawi yanga pa pulakatisi ndi yochepa, mundiuzeko ziwiri zitatu zoti tizibwereza tsiku lililonse chonde.